Inu a banki, app yanu yatsopanoyi ikundikakamiza kuuza anthu PIN yanga

Ndalemba pano pagulu dala, chifukwa ku inbox ndalembako katatu, foni ndaimba kawiri, mayankho ake ndi omwewo akuti nkhani yanu tayipereka kwa oyenera koma mpaka lero palibe chasintha. Ndine kasitomala wanu wa zaka zambiri, ndine wosaona, ndipo chitulutsireni update ya app yanu ija sindikuthanso kutumiza ndalama ndekha.

Mwina ena kumeneko simudziwa kuti munthu wosaona foni yopanda mabatani amaigwiritsa bwanji ntchito, nde ndifotokoze. Mu foni za Android muli TalkBack, mu iPhone muli VoiceOver, sizogula padera ayi. Ukaika chala pa sikirini foni imakuuza chomwe wakhudza, ukakoka chala kupita kumanja imapita pa chinthu chotsatira, ukagogoda kawiri nde kuti wasankha. Izi ndikulembazi ndikulemba choncho, mameseji ndimawerenga choncho, ndipo app yanu yakale ija ndinkaigwiritsa ntchito choncho. Inali ndi tizovuta take inde koma inkalankhula, batani lililonse linkatchula dzina lake, ndalama ndimatumiza usiku ndili pabedi osadzutsa munthu.

Panopa ndikatsegula app foni imangoti "unlabelled, unlabelled, unlabelled", kutanthauza kuti batanilo lilibe dzina, mabatani onse chimodzimodzi, lotumiza ndalama ndi lomwelo, loonera balansi ndi lomwelo, lotulukira ndi lomwelo. Ndinayesa kuloweza pamtima kuti lachitatu kuchokera pamwamba ndi lotumizira, zinayenda masiku awiri, kenako munaika chithunzi cha malonda pamwamba zonse zinasuntha, ndinangozindukira ndili pa tsamba lopemphera ngongole ndipo ndinadziwa chifukwa cha liwu limodzi lokha lomwe foni inakwanitsa kuwerenga. Chala chikanagogoda kawiri pamenepo bwenzi pano tikukamba zina.

Koma chandipweteka kwambiri ndi polembera PIN. Mwachotsa kiyibodi ya foni yomwe TalkBack amaidziwa, mwaika yanuyanu yomwe manambala ake amasinthasintha malo nthawi iliyonse, ndipo siilankhula olo pang'ono, chala chimangoyenda pagalasi zii. Ndikumvetsa kuti mwachita izi poopa akuba oyang'anira pa phewa, sindikutsutsa chitetezo ine, ndalama ndi zanga zomwe. Koma nambala yomwe sindingaione komanso sindingaimve ndiidina bwanji? Ndinayesa mongoganizira, katatu, akaunti munaitseka. Itatsegulidwa ndinachita chinthu chomwe chiyambire sindinachitepo, ndinaitana mwana wa achemwali anga, ndinamupatsa foni m'manja, nkumunong'oneza PIN yanga kukhutu nambala imodziimodzi, iye nkumadina. Atamaliza anandiwerengera balansi mokweza, anthu ali pompo pabalaza. Mwanayo ndi wabwino, sanalakwe chilichonse, amangothandiza amalume ake, koma ine ndinakhala chete kanthawi ndithu, mtima unandiwawa. Munthu wamkulu, ndimagwira ntchito, ndimadzilipirira zanga, lero mwana wasukulu akudziwa ndalama zomwe ndili nazo komanso kiyi yake.

Ndipo ndinu nomwe mumatitumizira mameseji pafupipafupi kuti musauze munthu aliyense PIN yanu ngakhale wogwira ntchito ku banki. Nde ndimvere ziti abale? Mawa ndalama zikasowa mu akaunti mudzandifunsa kuti PIN munauzako ndani, ndikadzayankha zoona mudzati vuto ndi langa.

Nditaimba foni anandiyankha mayi waulemu wake, sindikuwadandaula iwowo chifukwa zikuoneka kuti sanaphunzitsidwe za izi. Anandifunsa kuti TalkBack nchiyani, nditafotokoza anati pepani bambo, kodi pakhomopo palibe wina woti azikuthandizani? Wachiwiri anati nditumize screenshot ya vutolo, chonsecho app yanu yomweyo imaletsa screenshot, komanso vuto langa ndi la mawu omwe sakumveka, pachithunzi lioneka bwanji. Funso loti palibe wokuthandizani lija timalimva tsiku ndi tsiku ife anthu aulumali ndipo limatopetsa. Ondithandiza alipo, amandikonda, koma akaunti munatsegulira ine, osati banja langa lonse.

Chomwe chikundidabwitsa nchoti kukonza kwake si kwa mtengo wapatali. Afunseni anyamata ndi atsikana omwe anakupangirani app, akudziwa, pa Android batani lililonse limapatsidwa dzina pa malo otchedwa contentDescription, pa iPhone ndi accessibilityLabel, ndi mawu awiri atatu basi pa batani. Google ili ndi kachida kaulere kotchedwa Accessibility Scanner komwe kamaloza kokha mabatani opanda mayina. Olo osapita patali, munthu mmodzi muofesimo akanangoyatsa TalkBack, kutseka maso mphindi zisanu nkuyesa kutumiza ndalama, update imeneyi sikanatuluka. Malamulo a kapangidwe aliponso kalekale, a W3C, bungwe loona za kapangidwe ka zinthu za pa intaneti, analemba WCAG, ndondomeko yoti aulumali nawonso azitha kuzigwiritsa ntchito, ya 2.0 inatuluka mu 2008, ya 2.2 mu 2023, ndipo muli zonsezi, zoti chinthu chodinidwa chikhale ndi dzina, zoti munthu apatsidwe mpata wowonjezera nthawi. Za nthawizi nazonso zikundikhudza, nambala yotsimikizira yomwe mumatumiza pa meseji ija ndimati ndituluke mu app, foni indiwerengere manambalawo, ndibwerere, ndipeze polemba, nthawi yatha kale yambiraninso.

Musaganize kuti ndi ine ndekha. Mnzanga wina amaona pang'ono, iye TalkBack sagwiritsa ntchito, amangokulitsa zilembo mu foni, akuti app yanu zilembo sizikula ndipo mwalemba zotuwa pa malo oyera moti amachita kugunditsa foni pamphuno. WCAG yomweyo imati kusiyana kwa mtundu wa zilembo wamba ndi pomwe zakhala kusachepere 4.5 kwa 1. Nanga wosamva yemwe akaunti yake yatsekedwa nkumuuza kuti aimbe foni, aimba bwanji? Nanga agogo omwe manja amanjenjemera, timabatani tating'onoting'ono tothithikana tija? Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati anthu oposa 2.5 biliyoni padziko lonse amafunika chipangizo chimodzi kapena zingapo zowathandizira, monga magalasi, njinga za aulumali, zothandizira kumva ndi mapulogalamu ngati omwe ndikugwiritsa ntchitowa. Pafupifupi 1 biliyoni mwa iwo zipangizozo sazipeza nkomwe. Ine ndinachita mwayi chida ndili nacho m'manja, chikugwira ntchito bwinobwino pa WhatsApp ndi pa Facebook, chikungofera pakhomo panu.

Ndipo sindikupempha chifundo. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la 2006, pa gawo 9, limatchula za mauthenga ndi ntchito zapamakina, limatinso maboma aonetsetse kuti makampani omwe amatumikira anthu onse aziganizira zoti aulumali afikire ntchito zawo. Ndalama zomwe mumadula pa akaunti yanga ndi zofanana ndi zomwe mumadula kwa oona, simunandichotsereko chifukwa choti theka la app sindingaligwiritse ntchito.

Chonde bwezeretsani mayina pa mabatani, ndipo pa PIN paja tipatseni njira yoti manambala azimveka, ife timavala mahedifoni polemba PIN, palibe angamve. Ngati zitenge nthawi tiloleni tibwerere ku app yakale kaye. Ulendo wina musanatulutse update itanani anthu osaona, osamva ndi ena aulumali ayiyese, muwalipire ngati mmene mumalipirira akatswiri ena chifukwa imeneyo ndi ntchito. Aphunzitseninso olandira mafoni kuti akamva mawu oti TalkBack asamasowe chonena.

Mwezi ukutha uku ndikuyenera kulipira lendi, ndipo sindikufuna kumuitananso mwana uja. Mundiyankhe pompano pomwe anzanga osaona akuwerenga nawo, osati zoti tatumizani nambala yanu ku inbox, nambala yanga muli nayo kale katatu. Ndiuzeni tsiku lomwe mukonze.