Osindikiza a ku Tete alekeretu kudula mawu athu ngati Chipwitikizi

Akonzi,

Tiloleni tinenepo za mapepala a Chinyanja amene akusindikizidwa kuno m'chigawo cha Tete, kuyambira ku Ulongué mpaka ku Moatize: ndondomeko za maliro, makadi a ukwati, timabuku ta kutchalitchi. Makina sanalakwe ayi. Chimene chikutiwonongera mawu n'chakuti kompyuta imasiyidwa pa Chipwitikizi.

Mu Word muli lamulo lodula mawu kumapeto kwa mzere, limene pamakompyuta a kuno limalembedwa kuti Hifenização. Likakhala lotsegula, limatsatira malamulo a chinenero chimene chasankhidwa mu Word. Achipwitikizi amadula "tam-bém", ndiye nyumba yathu imasanduka "nyum-ba". Kwathu phatikizo limathera pa lembo la liwu: nyu-mba, chi-nthu, ku-ndi-u-za. Zimanyansa koposa pamene ng'ombe yadulidwa pakati, ng' kutsala kumwamba, ombe kutsikira pansi. Tsekani lamuloli. Ngati liwu n'lalitali zedi, dulani nokha pomenya Ctrl ndi kamzere (-), pamalo oyenera.

Mukatero, musakakamize mizere kuti ifanane mbali zonse ziwiri, makamaka pa danga lopapatiza. Mawu ngati "sanatiuzenso" amasiya mipata yoti mbuzi n'kudutsapo. Yambirani kumanzere basi, kumanja kuzitha mmene kwathera.

Amene amalemba ŵ asamavutike ndi kufufuza: mu Word lembani 0175 kenako menyani Alt ndi X, lembolo lituluka. Lalikulu ndi 0174. Koma fonti, kutanthauza mtundu wa malembo umene mwasankha, iyenera kukhala nalo. Times New Roman, Arial ndi Charis SIL ali nalo, pamene mafonti ambiri okongoletsa a pa makadi a ukwati alibe, ndiye kompyuta imabwereka ŵ wa fonti ina kapena kusiya kabokosi. Potumiza kwa osindikiza, sungani ngati PDF kuti fonti ipite limodzi ndi ntchitoyo.

Malembo a mapointi 11 amafuna mpata wa pakati pa mizere wa mapointi 13 kapena 14, apo ayi kachipewa ka ŵ kamagundana ndi mchira wa y wa mzere wapamwamba.

Chithunzi cha malemu chizikhala cha 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) pa kukula kumene chidzasindikizidwe. Pa WhatsApp chitumizeni ngati dokumenti, chifukwa mukachitumiza ngati chithunzi wamba chimafika chitachepetsedwa, nkhope n'kutuluka yosaoneka bwino.

Ife okonza zosindikiza,
Ulongué, Angónia