Amakanika, kolekani injini musanatsitse subframe

Akonzi,

Ndine makanika wa ku Ndirande. Mtima umandiwawa ndikaona anyamata m'magalaja atagona pansi pa galimoto, injini itangotsamira pa jeke ndi njerwa.

Pa galimoto ngati BMW E46, kuti usinthe gasketi (chotsekera kuti oyilo asadonthe) ya sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, umayenera kutsitsa subframe (chitsulo chopingasa kunsi kwa galimoto), chonsecho injini imakhazikika pa subframe yomweyo. Ukangoimasula, injini ilibenso pokhala. Jeke pansi pa sampu sithandiza, poti sampuyo ndi imene ukuchotsa, komanso ndi ya aluminiyamu, sichedwa kung'aluka.

Pingasani chitsulo cholimba pamwamba pa injini, chigwire mbali zonse ziwiri, ndipo mukoleke tcheni kuchokera pa chitsulocho kufika pa ndowe yonyamulira injini. Galimotoyo ikhale pa ma stand, zitsulo zokhazikapo galimoto.

Eni magalaja, chitsulochi owotcherera angakupangireni. Chonde musadikire kuti mwana wa eni ake aphwanyike kaye.

Makanika wodandaula,
Blantyre