Kalata kwa Anabanda: za katemera wa chibayo

Okondedwa Anabanda,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko, pamodzi ndi abambo akunyumba ndi kamwanako. Kuno tilipo, kuzizira kwayamba ndipo ana ambiri akutsokomola.

Munafunsa chifukwa chimene mwana wanu anabayidwira katemera wa chibayo kawiri kokha, pa masabata 6 ndi 14, n'kukuuzani kuti mudzabwerenso pa miyezi 9, pomwe kuno timabaya pa masabata 6, 10 ndi 14 n'kuthera pomwepo. Anesiwo sanalakwitse ayi. Tsiku la miyezi 9 lija musalidumphe, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake.

Kachilombo kamene katemerayu amalimbana nako ndi ka bakiteriya kotchedwa pneumococcus. Kamakhala m'mphuno ndi kukhosi kwa ana ambiri athanzi, osawadwalitsa n'komwe. Kakapeza mpata, mwina mwana wadwala chimfine, wanyentchera kapena ali ndi HIV, kamatsikira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Kakalowa m'magazi kangathe kufika ku ubongo, ndiye matenda oumitsa khosi aja amene amasiya ana ena ogontha kapena opuwala. Mafinya a m'khutu nawonso nthawi zambiri ndi komweka. Vuto ndi lakuti kali ndi mitundu yoposa 90, yosiyana chikuto chakunja, ndipo thupi likaphunzira kugonjetsa mtundu umodzi silidziwa winawo.

Malawi inayamba kupereka katemera wa chibayoyu, wotchedwa PCV13, pa 12 November 2011, ndi thandizo la Gavi, bungwe lothandiza mayiko osauka kupeza katemera. Nambala 13 ija ndi ya mitundu imene katemerayu amatchinga, yosankhidwa chifukwa ndi imene inkadwalitsa ana kwambiri. Ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, madokotala pamodzi ndi ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akupima magazi ndi madzi a pamsana a ana odwala kuyambira katemerayu asanabwere, choncho kusintha kunaoneka bwinobwino. Kwa ana a chaka chimodzi mpaka zinayi, matenda aakulu ochokera ku mitundu 13 ija anatsika ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Akuluakulu amene sanabayidwepo nawonso anayamba kudwala mochepa, popeza ana ndiwo amapatsira anthu kachilomboka m'nyumba. Tisamuyamikire katemera yekha: matendawa anali atayamba kale kutsika chifukwa cha ma ARV ndi kuteteza makanda ku HIV. Komabe mbali yake ndi yaikulu.

Chimene chinadabwitsa ambiri ndi cha m'mphuno. Ku Britain ndi ku America, patangotha zaka zochepa chiyambire katemera, mitundu imene amatchinga inatsala pang'ono kutheratu m'mphuno za ana. Ku Blantyre sizinatero. Kafukufuku wa pakati pa 2015 ndi 2018 anapeza kuti mwa ana obayidwa a zaka 3 mpaka 5, pafupifupi mmodzi mwa 6 anali adakasunga mitundu yomweyo. Ganizirani nyumba za ku Ndirande kapena ku Mbayani, ana anayi kugona chipinda chimodzi, mamina kupukutira nsalu imodzi. Mwana amakumana ndi kachilomboka mobwerezabwereza, pomwe mphamvu ya majakisoni atatu oyambirira aja imayamba kuchepa mwana asanakwanitse n'komwe chaka. Ovutika kwambiri ndi makanda amene sanafike masabata 6 kapena sanamalize katemera, chifukwa iwo amadalira kuti achimwene awo ndi achemwali awo asawabweretsere kachilombo. Si zodabwitsa kuti kwa ana osakwana chaka matenda anatsika ndi mochepera theka.

Apa ndiye pali yankho la funso lanu. South Africa, kuyambira 2009, inasankha kusunga jakisoni wachitatu mpaka miyezi 9 kuti adzutse chitetezo cha mwana polowa chaka chachiwiri, nthawi imene akukwawa, kuyenda ndi kusewera ndi anzake. Njira yathu imafulumira kuteteza khanda m'miyezi yoyambirira, imene imfa zimachuluka. Mu 2021 zipatala zina zazing'ono mu Blantyre zinayamba kutsata njira ya kwanuko pofuna kuyerekeza ziwirizi. Kwa ine choopsa ndi kusakaniza njirazi mosadziwa. Mukabwera kumudzi mwana ali ndi miyezi 6, alangizi a zaumoyo angaganize kuti anamaliza kalekale, pomwe wabayidwa kawiri kokha. Kabuku kake ka kusikelo kasatsale, ndipo muwaonetse tsamba la katemera. Mukachedwa, sayambiranso poyamba, amangopitiriza, bola pakati pa majakisoni papite masabata osachepera 4. Mlingo wake ndi 0.5 ml pa ntchafu. Kutentha thupi pang'ono ndi kutupa pobayapo kwa tsiku limodzi kapena awiri musadere nazo nkhawa.

China chimene chasintha n'chakuti mitundu imene mulibe mu katemera ikutenga malo amene anzake aja anasiya m'mphuno. Yambiri siyoopsa kwambiri, koma ina imadwalitsa, ndipo chibayo chimayambanso ndi mavairasi monga RSV, kachilombo ka chimfine kamene kamavutitsa makanda m'chifuwa. Ndiye mwana wobayidwa angathe kudwalabe. Akamatsokomola, dikirani akhale phee, mumuvule malaya, muwerenge mpweya kwa mphindi yathunthu mukuyang'ana wotchi ya pafoni. Wosakwana miyezi 2 akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka mpaka zaka 5 ka 40, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pansi pa nthiti pakamalowa mkati pokoka mpweya, akamakana bere, kusanza chilichonse, kukomoka, kufooka osadzuka kapena liwombo likatukuka, musadikire kuti kuche. Akakupatsani amoxicillin, mwana amalize masiku onse amene anena ngakhale aoneke kuti wachira pa tsiku lachiwiri, chifukwa kusiyira panjira kumabwezeretsa matenda. Ndipo poti kwanuko June ndi wozizira koopsa, mbaula ya makala ndi chitofu cha parafini zisayake m'chipinda chogona mwana.

Mundilembere akabayidwa wa miyezi 9 uja. Mupereke moni kwa onse.

Ndine mnzanu,
Nachisale