Tisamagule modemu potengera manambala a pa bokosi

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mabokosi a intaneti amene adzaza m'mashopu a ku Kamwala ndi mumsewu wa Cairo. Ine ntchito yanga ndi kuika intaneti m'nyumba za anthu kuno ku Chilenje, Kabwata ndi Libala, ndipo zimandiwawa kuona anthu akutaya makwacha awo pa modemu yosagwirizana ndi laini imene imafika pakhomo pawo.

Amayi ena aphunzitsi anandiitana kuti ndikawalumikizire modemu imene mwana wawo anatumiza kuchokera ku America. Bokosi lokongola, lolembedwa DOCSIS 3.1. Nditalitembenuza ndinapeza kumbuyo kuli kachitsulo kozungulira komangirapo nthambo yonenepa ija ya TV, koma polowetsa SIM palibe, polowetsa fibre (nthambo ya intaneti yamakono) palibenso. Ku America makomo ambiri amalandira intaneti kudzera m'nthambo za TV. Kuno timadalira SIM ya MTN, Airtel kapena Zamtel, fibre ya makampani monga Liquid, kapena Starlink imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023. Mwana anachita za chikondi, koma bokosilo pano likungokongoletsa kabati. Musanauze wachibale wakunja kuti akugulireni, funsani kaye kampani imene mukufuna kuti ikupatseni intaneti.

Vuto lalikulu ndi nambala ija yolembedwa zilembo zikuluzikulu, 300Mbps kapena 1200 (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti). Nthawi zambiri imanena za liwiro la WiFi pakati pa bokosi ndi foni yanu, osati la intaneti yolowa m'nyumba. Mpopi ungakhale waukulu bwanji, madzi amatuluka malinga ndi paipi. Ngati mumalipira 20Mbps, mudzalandira 20 yomweyo, ndipo nambalayo muigawe ndi 8 kuti mudziwe zimene zikutsikadi: 2.5MB pa sekondi.

Nanga banja limafuna zingati? A Netflix amati 5Mbps ikwanira kuonera filimu ya HD, 15 ya 4K. Choncho nyumba imene amayi ali pa Zoom, ana pa YouTube, abambo akuonera mpira, 20 kapena 30 iwakwanira bwino. Kugula rauta (bokosi logawa WiFi m'nyumba) ya 5G chifukwa aneba ali nayo n'kungodzitama. MTN inayambitsa 5G mu 2022, inde, koma sikuti yafika komboni iliyonse. Bwerekani foni ya 5G, muime pamalo penipeni pamene mudzaika bokosilo, muyese liwiro cha m'ma 20 koloko usiku pamene aliyense ali pa intaneti. Kuyesa masana kumanamiza.

Amene mwakokera fibre yopitirira 100Mbps, yang'anani timabowo ta kumbuyo kwa rauta. Pakalembedwa 10/100, liwiro lidzathera pa 100 ngakhale mulipire zochuluka bwanji. Pafunika palembedwe Gigabit. Komanso makoma athu a mabuloko amafooketsa WiFi ya 5GHz (si 5G ya mafoni ija) msanga kuposa ya 2.4GHz, ndiye kuika bokosi kuseri kwa TV pakona n'kudzilanga nokha. Likhale pamwamba, pakati pa nyumba, ndipo ngati ndi la SIM, pafupi ndi windo.

Za malaiti sindinganene zambiri, tonse tinaona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Marauta ambiri amadya 12V, ndiye kabatire kakang'ono kangawayendetse maola angapo. Ndalama yotsala mukagula rauta wamba ipite kumeneko.

Pempho langa kwa a ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, n'lakuti aziyendera ogulitsa m'tauni, awalamule kuuza wogula ngati bokosi ndi lokhoma ku netiweki imodzi, komanso kuti alole munthu kulibweza likakana kugwira kunyumba kwake. Pakali pano ambiri amangolemba pa lisiti kuti katundu akatuluka m'shopu sabwerera.

Wokonza intaneti,
Chilenje South, Lusaka