Za RAM ya kompyuta yakoyo, usanalipire werenga kaye

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndi mpongozi wanga ndi ana, kuno tili bwinobwino mayi ako akupereka moni. Mndandanda wa zipangizo umene unatumiza pa WhatsApp uja ndauona, purosesa ya AMD ya Ryzen 7000 ndi bodi yake ya AM5 ndilibe nazo vuto, koma pa RAM paja, timitengo tija timene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo, ndiye ima kaye usatulutse ndalama.

Wasankha RAM ya mtundu wa DDR5 ya liwiro la 7200 poti nambala ndi yaikulu ndiye ukuganiza kuti ukapanga overclock, kuthamangitsa zipangizo kuposa liwiro lake la nthawi zonse, makina aziuluka. Sizili choncho ayi. Mkati mwa purosesa yakoyo muli kachigawo kamene kamalamulira RAM, amati memory controller, ndipo kamagwira bwino ntchito kakamayendera limodzi ndi RAM, zija amati 1:1. Pa DDR5-6000 zimenezi zimatheka bwinobwino, ngakhale a AMD eni ake mapurosesawa atatuluka mu 2022 ananena kuti pa 6000 ndi pamene pali pabwino. Ukakwera mpaka 7200 kachigawo kaja kamalephera kupirira n'kuyamba kuyenda theka la liwiro la RAM, ndiye iwe walipira ndalama zambiri koma phindu lake osaliona, mwinanso makina kumangozima okha uli pakati pa ntchito.

Ndiye pali nambala ina ija anthu amaidumpha, ya CL. Imeneyo imakuuza kuti RAM imadikira nthawi yaitali bwanji isanayankhe, ikachepa ndiye bwino. Masamu ake ndi osavuta, chulukitsa CL ndi 2000 kenako ugawe ndi liwiro. 6000 CL30 imatuluka 10, pomwe 6000 CL40 imatuluka 13 ndi kanthu, pabokosi onse alemba 6000 ndi zilembo zikuluzikulu koma si RAM imodzi imeneyo, ndipo wogulitsa sakuuza zimenezi ngati sunafunse. Ine ndikuti gula 6000 CL30, timitengo tiwiri ta 16GB kuti zikhale 32GB, pokhapokha ngati ntchito ya mavidiyo ija yakula, ndiye tenga tiwiri ta 32GB.

Tiwiri ndikunena, osati tinayi. Ndikudziwa kuti mipata inayi ikadzaza zimaoneka bwino makamaka ndi timagetsi tamitundumitundu tija, koma DDR5 ikakhala inayi imalemetsa controller ija ndipo nthawi zambiri umakakamizika kutsitsa liwiro. Komanso ugule ta m'bokosi limodzi, maganizo oti ndigula kamodzi lero kena mwezi wamawa ukawasiye. Ngakhale dzina ndi nambala zifanane, tchipisi tamkati titha kukhala ta kampani ya Hynix kamodzi kena ta Samsung kapena Micron, zili ngati kumanga pangolo imodzi ng'ombe zosazolowerana, ina ikukokera uku ina uko. Ukamaika uike mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, mabodi ambiri amalemba A2 ndi B2, koma tsegula kabuku ka bodi utsimikize, ndipo ukanikize mpaka umve kuti tcha mbali zonse ziwiri.

Pabokosi pakhale palembedwa EXPO, makonzedwe okonzeratu amene amayendetsa RAM pa liwiro lolembedwa pabokosilo, imeneyo ndi ya AMD, XMP ndi ya Intel ngakhale mabodi ambiri a AM5 amaiwerenganso. Ukapanda kuyatsa EXPO mu BIOS, pulogalamu ya m'bodi imene imayamba Windows isanatseguke, RAM yako ya 6000 izingoyenda pa 4800, anthu ambiri amakhala choncho chaka chonse osadziwa n'komwe. Uonenso pa webusaiti ya amene anapanga bodi yako, amaika mndandanda wa RAM zimene anaziyesa, amati QVL, ikapezeka pamenepo mtima umakhala pansi. Ndipo yeza kutalika kwake, RAM zina zimakhala ndi zipewa zazitali moti zimagundana ndi kuula, choziziritsira purosesa chija.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi volteji. Mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000X3D anapsa mpaka kutupa pansi chifukwa volteji ya SoC, mbali ya purosesa imene muli controller ija, inkakwera mopitirira anthu akayatsa EXPO, mpaka a AMD anatulutsa BIOS yatsopano yoti isadutse 1.3V. Ndiye usanakhudze chilichonse, yamba waika BIOS yatsopano, ndipo uchite zimenezo makina ali pa UPS, batire ija yogwirizira magetsi akathima, chifukwa magetsi akathima BIOS ili mkati molowa bodi itha osayakanso. Ukayatsa koyamba skrini ikhala yakuda kwa mphindi zingapo, usathamangire kuzimitsa, imakhala ikuphunzira RAM.

Windows ikatseguka usati zatheka. RAM yosakhazikika siichita phokoso, imangoononga mafayilo pang'onopang'ono, tsiku lina udzangopeza vidiyo ya kasitomala yakana kutseguka. Ika MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa flash uisiye iyende usiku wonse, ikapeza cholakwika ngakhale chimodzi chokha tsitsa liwiro uyesenso. RAM ikakhazikika m'pamene uyambe kusewera ndi purosesa, chinthu chimodzi nthawi imodzi, n'kumalemba pakapepala zimene wasintha, makina akakana kuyaka ungopanga clear CMOS, kufufuta zimene wasintha mu BIOS, n'kubwerera pamene zinali bwino.

Unditumizire chithunzi cha bokosi uli pashopu pomwepo usanapereke ndalama, pajambulike mbali imene alemba CL ndi EXPO.

Ndine bambo ako.