Kalata kwa mnzanga: boma ndi mlonda kapena chilombo?

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi ana. Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Tsiku lija foni inaduka mkangano uli pakati, ndipo mawu ako omaliza amene ndinamva anali akuti boma ndi chilombo chimene timachiweta tokha ndi misonkho yathu. Ndagona nawo mawu amenewo masiku angapo. Pa foni sundipatsa mpata wotsiriza chiganizo, ndiye ndati ndilembe, uwerenge mpaka pansi usanandiyankhe.

Ndiyambe ndi kukuvomera pamene wanena zoona. Ku East Germany kunali apolisi achinsinsi otchedwa Stasi. Pofika mu 1989 anali ndi antchito oposa 90,000, kuphatikizaponso anthu wamba oposa 100,000 amene ankawanong'oneza za anzawo mobisa, m'dziko la anthu pafupifupi 16 miliyoni. Ankatsegula makalata a anthu n'kuwamatanso, ankamvetsera mafoni. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mabotolo. Ankatenga kansalu kokhala ndi fungo la thupi la munthu amene akumukayikira, n'kukatsekera m'botolo, kuti tsiku lina agalu adzamulondole. Mafayilo atatsegulidwa mu 1992, anthu anakhala pansi n'kuwerenga moyo wawo wolembedwa ndi dzanja la wina. Ena anapeza kuti wowapereka anali mnzawo wapamtima, ena mwamuna wawo wa m'nyumba. Ndipo boma limenelo silinanenepo kuti likupondereza anthu. Linkati likuwateteza kwa adani.

Koma ukamati mankhwala ake ndi kukhala opanda boma, pamenepo ndikukana. Siad Barre anali wolamulira wankhanza wa ku Somalia, ndipo atathawa mu likulu la dzikolo, Mogadishu, mu Januwale 1991 ambiri anapumira m'mwamba. Chinabwera pambuyo pake sichinali ufulu. Misewu inadzaza ndi zipata za anyamata a mfuti, gulu lililonse n'kumalipiritsa odutsa mmene lafunira, ndipo njala ya 1992 inapha anthu oposa 200,000, chakudya cha thandizo chikulandidwa m'njira. Boma likagwa mphamvu sizifa ayi, zimangogawika kwa aliyense amene ali ndi mfuti, ndipo ameneyo sungakamusumire kulikonse.

Nkhani imene yandigwira mtima kwambiri ndi ya ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas ku America. Mu 1954 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kulekanitsa ana akuda ndi azungu m'sukulu za boma n'kosemphana ndi malamulo. Pa 4 Seputembala 1957 ana akuda asanu ndi anayi anayenera kuyamba maphunziro pa Central High School. Bwanamkubwa wa chigawocho, Orval Faubus, anaika asilikali pakhomo kuti anawo asalowe. Mmodzi mwa iwo, Elizabeth Eckford, wa zaka 15, anafika yekha. Chithunzi chake chilipo mpaka lero: wavala diresi yoyera ndi magalasi akuda, wakumbatira kope pachifuwa, kumbuyo kwake khwimbi la anthu likumutukwana. Ataona asilikali anaganiza kuti abwera kudzamuteteza. Anamutchingira njira ndi mfuti.

Patatha milungu itatu, Pulezidenti Eisenhower anatumiza asilikali a boma la dziko lonse, a gulu lotchedwa 101st Airborne, ndipo asilikali a Faubus aja anawaika pansi pa ulamuliro wake. Pa 25 Seputembala ana aja analowa m'kalasi ataperekezedwa ndi asilikali. Tsono tandiuze, mnzanga, boma pamenepa linali mlonda kapena chilombo? Wotseka chitseko anali boma, wotsegula analinso boma. Ngakhale asilikali ena amene anatchinga pakhomo ndi omwewo amene pambuyo pake ankalondera anawo. Ndiponso usaiwale kuti khwimbi lotukwana lija nalo linkalira kuti ufulu wawo ukuphwanyidwa. Boma likanangopinda manja kuti aliyense achite zake, mtsikana uja akanasiyidwa m'manja mwa khwimbilo. Munthu wochepa mphamvu nthawi zambiri wom'pondereza amakhala mnansi, bwana kapena gulu, ndipo popanda lamulo alibe pothawira.

Chinamupulumutsa Elizabeth si ubwino wa mtima wa olamulira. N'chifukwa chakuti boma linali logawika, mbali ina n'kutha kuuza inzake kuti ayi. Bwanamkubwa anali ndi asilikali, koma pamwamba pake panali woweruza, ndipo chigamulo cha woweruzayo chinali ndi mano. Ku East Germany kunalibe chitseko chotere choti munthu n'kugogoda. Ichi ndicho ine ndimayang'ana pa boma lililonse, osati kukula kwake kapena kuchepa kwake monga umachitira iwe. Kodi likandimanga, alipo amene angalamule kuti andibweretse pamaso pa woweruza n'kunena mlandu wanga? Kodi nyuzipepala ikalemba zolakwa za nduna, mtolankhaniyo agona kunyumba kwake? Kodi olamulira akagonja pa chisankho amanyamula katundu wawo? Ganizo limeneli si lachilendo. Mu 1215 akuluakulu a ku England anakakamiza Mfumu John kuvomera kuti munthu waufulu asamangidwe popanda chiweruzo cha lamulo. Mfumuyo inaphwanya panganolo patangopita miyezi yochepa, koma mawuwo sanafe.

Ndikudziwa chimene uyankhe, ndipo ndisakubisire, nanenso chimandisowetsa tulo. Zitseko zimenezi zimatsekeka anthu akagwidwa ndi mantha. Mu 1942, nkhondo ili mkati, dziko lomwelo la America linasonkhanitsa anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa ku Japan n'kuwatsekera m'misasa, ambiri mwa iwo ali nzika zobadwira momwemo, osawazenga mlandu uliwonse. Khoti lalikulu lomwe lija linavomereza kusamutsidwa kwawo mu 1944. Chipepeso chinadzabwera mu 1988, ambiri atamwalira kale. Makhoti analipo, manyuzipepala analipo, chisankho chinalipo, koma anansi awo ochuluka anangoti zii, poti sanali iwo okwezedwa m'sitima. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Woweruza nayenso ndi munthu, amamva kumene mphepo ikulowera, ndipo akaona kuti palibe amene akudandaula, n'chapafupi kuti asayine.

Sabata yatha ndinapita kukakonzetsa chiphaso changa. Anandijambula nkhope, kenako mtsikana wa pa kompyuta anandigwira dzanja mwaulemu n'kudinda zala zanga, chimodzichimodzi, pa kagalasi kowala. Ndinakukumbukira pomwepo. Chiphasochi chimandithandiza kuponya voti, kutsegula akaunti ku banki, ndi kutsimikiza kuti ine ndine ine wina akafuna kundibera dzina. Koma zidindo za zala zanga zija zakhala m'kompyuta imene sindidzaiona, ndipo zidzakhalapobe olamulira a lero atachoka, zili m'manja mwa anthu amene sindiwadziwa. Stasi inkafunika chikhamu cha anthu ndi mabotolo. Lero foni ya m'thumba imanena yokha kumene wagona. Chiphasocho ndinatenga, sindinakane. Koma ndinafunsa kuti ndani ali ndi chilolezo choona zimenezi, ndipo mtsikanayo anangomwetulira n'kuitana wotsatira. Ndatsimikiza kulemba kalata yofunsa funso lomwelo kwa akuluakulu ake.

Undiyankhe, ndipo usazembe nkhani ya Little Rock, chifukwa ndikufuna ndimve kuti mtsikana uja ukanamutani kukanakhala kulibe boma. Upereke moni kwa alamu, ndipo ana uwauze kuti zithunzi zawo ndikudikirabe.

Ndine mnzako wa kalekale.