Kalata kwa mwana wanga pa za zala zotupazo

Wokondedwa mwana wanga,

Moni kwa iwe, amuna ako ndi adzukulu anga konko ku Santhe. Kuno tili bwino.

Mchemwali wako wandiuza kuti zala za manja onse awiri zatupa kwa miyezi iwiri tsopano, moti m'mawa ukulephera kufinya thewera mpaka dzuwa litakwera. Akutinso ukumwa Brufen ndi Indocid ogula pagolosale. Usadikirenso, pita kuchipatala sabata ino.

Nyamakazi ili mitundumitundu ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ya ukalamba imakonda mawondo ndi chiuno. Kuuma kwa m'mawa kumatha mphindi 30 zisanakwane. Gout imagwira chala chachikulu cha kuphazi usiku, makamaka amuna. Zako sizikufanana ndi zimenezi. Mfundo za zala ndi zapamkono kutupa mbali zonse ziwiri, kuuma kupitirira ola, kwa masabata oposa 6, komanso utangobereka kumene: izi zikuloza ku rheumatoid arthritis. Chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwiniwake n'kumatupitsa kachikopa ka m'kati mwa mfundo, kenako fupa limadyeka pang'onopang'ono. Lomwe ladyeka silibwerera. Brufen amangogonetsa ululu, kudyekako kukupitirira, ndipo ukamumwa pamodzi ndi Indocid ukudziputira zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Za kutemera mphini usazimvere n'komwe. Bala pa mfundo yotupa limangolowetsa tizilombo.

Yambira pa chipatala chaching'ono ndi buku lako la kuchipatala, upemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Kasungu. Akaona kuti m'pofunika, akutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe kumene kuli madokotala odziwa za matenda a m'thupi. Jambula manjawo pafoni m'mawa atatupa, chifukwa pofika pamzere masana amakhala ataphwako ndipo wokuona angaganize kuti ukukokomeza. Usangonena kuti “thupi lonse likuphwanya”, angakuyeze malungo n'kukubweza ndi Panado. Loza mfundo imodziimodzi, unene tsiku lomwe zinayamba ndi nthawi yomwe kuumako kumatha.

Akayeza magazi kuona kuchuluka kwake, ESR kapena CRP zoonetsa kutupa, ndi zizindikiro za m'magazi za nyamakazi imeneyi zotchedwa rheumatoid factor, ndi anti-CCP ngati ilipo. Akati ukayezetse ku labu yolipira, ndalamayo siyotayika. Rheumatoid factor akapanda kupezeka usasangalale msanga, odwala ena enieni sapezeka nayo. Dokotala wabwino amadalira kwambiri zomwe wagwira ndi manja ake. Ajambulenso manja ndi mapazi. Ngati tsitsi likuthothoka, m'kamwa mukutuluka zilonda, masaya akuchita zidzolo ukakhala padzuwa, kapena mkodzo ukuchita thovu, unene ngakhale asanafunse. Zimenezo zingakhale lupus, nthenda inanso ya chitetezo cha m'thupi yomwe imaononga impso mwakachetechete, ndiye amayeza mkodzo ndi magazi a ANA othandiza kuizindikira.

Mankhwala oimitsa matendawa ndi methotrexate, ndipo apa ndipo anthu amavulalira. Amamwedwa kamodzi pa sabata. Kamodzi, osati tsiku lililonse. Piritsi limodzi kawirikawiri ndi 2.5 mg; ambiri amayamba ndi 7.5 mpaka 15 mg, kutanthauza mapiritsi 3 mpaka 6 tsiku limodzilo, ndipo dokotala amatha kukweza mpaka 25 mg. Sankha tsiku, tinene Lolemba, ulilembe pa kabotolo ndi m'buku. Folic acid wa 5 mg umwe tsiku lina, monga Lachinayi, kuti achepetse nseru ndi zilonda za m'kamwa. Munthu akamwa methotrexate tsiku ndi tsiku, mafupa amasiya kupanga magazi ndipo angathe kufa. Bactrim amachitanso zomwezo akakumana ndi methotrexate, ndipo ukudziwa mmene Bactrim amaperekedwera kuno, wa chifuwa yemweyo, wa m'mimba yemweyo. Aliyense wokulembera mankhwala umuuze zomwe ukumwa. Mowa ayi, chifukwa cha chiwindi.

Asanakuyambitse ayeze chiwindi, impso, HIV, hepatitis B, ajambulenso chifuwa kuona ngati mulibe TB. Ukayamba, magazi aziyezedwa pafupifupi mwezi uliwonse, kenako pakapita miyezi 3 iliyonse. Kusintha kumaoneka pakati pa masabata 6 ndi 12, choncho usawataye pa sabata yachitatu ati sakugwira.

Koma iwe ukuyamwitsa, ndipo methotrexate saloledwa kwa woyamwitsa kapena wapakati. Amapititsa padera ndi kulumalitsa mwana m'mimba. Uwauze poyamba pomwe. Hydroxychloroquine ndi sulfasalazine amaloledwa poyamwitsa, ndiye angakuyambitse amenewo mpaka mwana atasiya bere. Wa hydroxychloroquine aziyezetsa maso. Ukadzayamba methotrexate ukhale pa njira yolera yodalirika, ndipo mukadzafuna mwana wina, uwasiye miyezi 3 usanaime, mogwirizana ndi dokotala. Nkhani imeneyi mukambirane ndi amuna ako, asadzaimvere kwa ena.

Prednisolone angakupatse wochepa kwa masabata owerengeka podikira enawo kuti agwire. Amatsitsimutsa msanga moti anthu amamukonda n'kumakagula okha. Mapeto ake ndi nkhope yotupa, shuga, kuthamanga kwa magazi, mafupa ofooka ndi TB. Ukamumwa kupitirira masabata 3 samusiya mwadzidzidzi, amachepetsa pang'onopang'ono.

M'mawa viika manja m'madzi ofunda mphindi 10, kenako uzifumbata ndi kutambasula zala mofatsa. Ndowa inyamule ndi manja onse awiri, ndipo kusoka fodya chaka chino uwasiyire ena. Mfundo imodzi ikatupa, kutentha kwambiri, thupi n'kutenthanso, kapena ukadzayamba kutsokomola ndi kubanika uli pa methotrexate, usamwenso, pita tsiku lomwelo ngakhale kuli usiku.

Ndalama ya minibasi ndakutumizira pafoni. Utenge mapaketi onse a mankhwala omwe wakhala ukumwa, akawaone okha. Mchemwali wako abwera Lachiwiri kudzatsala ndi ana.

Ndine,
Mayi ako